Mowa Wotchedwa Florinda

Chiyambire ntchito pa Mpopi, Florinda anali ndi lamulo limodzi limene sankaliphwanya: nkhope yake isaoneke pafoni ya munthu aliyense. Zina zonse ankajambula. Ankajambula thovu likukwera pang'onopang'ono m'tambula, phiri la Mulanje lili chiimire kumbuyo. Ankajambula alimi akutsitsa zinanazi panjinga, ndi manja a Dario, mwini malowo, akupeta chimera cha mapira m'lichero ngati mayi wa pamudzi. Timavidiyo timeneti ankatiika pasitatasi ndi patsamba la Fesibuku la malowo, tija timakhala tsiku limodzi kenako n'kuzimirika tokha. Koma mwini wake ankaima kuseri kwa foni, osamveka ngakhale mawu.

Dzina lakuti pa Mpopi anapereka ndi akabaza. Dario atabwerako ku Joni, kumene anaphunzira kufulula mowa wa m'mathanki, anakonza sitolo yakale m'mbali mwa msewu wochokera pa Limbuli kupita ku Muloza. Mowa wake sunali wa m'mabotolo kapena wa m'zipanda. Unkatuluka m'timipopi tonyezimira pakauntala, ndipo akabaza atauona koyamba anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere mwana wa ku Joni wakumba mjigo wa mowa. Dzina linamera pomwepo.

Florinda anakumana naye paukwati wina ku Thuchila. Tsikulo anali atakwera pampando, nsapato zili m'khwapa, kuti ajambule bwino akwati ndi foni yake, ndipo Dario ndi amene anagwira mpandowo kuti usagwedezeke. Anaugwira mpaka perekaniperekani kutha. Posapita nthawi anamupempha kuti azimutsatsira malonda. Ntchito inabala macheza, ndipo macheza anabala zimene onse awiri ankaziona zikubwera.

Vuto linali kwawo kwa mtsikanayo. Bambo ake, a Zakariya, anali mkulu wa mpingo pa Limbuli, ndipo m'nyumba mwawo ngakhale thobwa logonetsa linkatayidwa kudzala. Iwo anawoloka malire ali mwana pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, n'kuonerera bambo awo, amene anapulumuka zipolopolo, akutha ndi kachasu mumsasa wa othawa kwawo. Nkhaniyi sankaikamba kawirikawiri, koma aliyense pabanjapo ankaidziwa. Choncho Florinda anangowauza kuti wapeza ganyu wotsatsa zakumwa za zinanazi pafoni. Ankadzitonthoza kuti limeneli si bodza lenileni, koma bambo ake akamuyamikira kuti ndi mwana wochitachita, iye ankangoyang'ana m'mbale.

* * *

Nyengo ya chiperoni itafika, makasitomala anayamba kuchepa. Alendo okwera phiri anasowa, makalaliki a ku esiteti ya tiyi ankathamangira kwawo kukaotha moto, ndipo masiku ena Dario ankapukuta matambula oyera kale pofuna kuti manja asangokhala. M'thanki yapakona munali mowa watsopano wa chinanazi ndi uchi umene anauvutikira kwambiri. Ankati umenewu ukapanda kukopa anthu, sakudziwa ngati malowo adzafike Khirisimasi.

Florinda anabwera ndi nzeru. Anati mowawo usapatsidwe dzina ndi mwini wake. Tsiku lililonse aziika kavidiyo kosonyeza mmene ukupsera, anthu azitumiza mayina, ndipo Loweruka la kumapeto kwa mwezi dzina lopambana lidzalengezedwe pa Mpopi pomwepo, wolipekayo adzamwe tambula yoyamba. Dario anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anamunyamula m'mwamba pakati pa mathanki mpaka Florinda anachita kumupempha kuti amutsitse.

Sabata yomweyo ndi imene Elsa anatulukira.

Elsa anali msuwani wa Dario, mwana wa amalume ake a ku Milange. Ankawolotsa zovala ndi mafuta onunkhira pamalire, ndipo pafoni anali ndi omutsatira ambirimbiri kutsidya lino ndi kutsidya linalo. Anatsika panjinga yamoto atavala diresi lofiira, n'kupsompsona Dario masaya onse awiri mwachipwitikizi, koma Florinda anangomupatsa nsonga za zala. Atamva za mpikisano wa mayina, anapempha foni ya Florinda n'kuyang'ana timavidiyo take tonse, mutu ataupendeketsa.

"Ndi tokongola, mana," anatero pobweza foniyo, akumutcha mchemwali m'Chipwitikizi. "Koma munthu satsatira thovu. Munthu amatsatira nkhope. Bwanji iweyo suonekamo?"

Florinda anayankha kuti sakonda kujambulidwa. Elsa anamwetulira ngati wamva yankho lina, n'kunena kuti palibe chovuta, iye nkhope ali nayo ndipo msuwani wake angaibwereke ulere. Dario, amene maso ake anali pamabenchi opanda anthu, anavomera asanamuyang'ane n'komwe Florinda.

* * *

Motero Florinda anapezeka akugwira ntchito imene sanailotepo, yojambula bwenzi lake lili ndi mkazi wina. Elsa ankadziwa kuima patsogolo pa foni. Ankalawa mowa wosapsa n'kuchita tsinya, Dario n'kuseka. Ankamupukuta thovu pandevu ndi chala. Kamodzikamodzi ankasakaniza nthabwala ija ya asuwani, kumutcha amunanga, ndipo akatero ankaponya diso kwa wogwira foni. Florinda ankaluma mlomo kuti manja asanjenjemere, podziwa kuti vidiyo yogwedezeka ingamuulule.

Chopweteka kwambiri chinali chakuti nzeruyo inagwira. Mayina anayamba kugwa ngati mvula: wina akuti Mkazi wa Phiri, wina akuti Chiperoni, wina akuti Osauza Akunyumba. Anthu amene sanapondepo pa Mpopi anayamba kufunsa njira. Madalaivala a malole odikira kuwoloka pa Muloza ankabwera pakabaza kudzaona ngati mtsikana wa diresi lofiira alipo. Ndipo pansi pa vidiyo iliyonse ndemanga zinali zimodzimodzi: banja lokongola, ukwati uliko liti, ana anu adzakhala angelo. Ntchito yoyankha ndemangazo inali ya Florinda. Ankalemba kuti zikomo, mudzabwere Loweruka, uku mtima ukuwira kuposa thanki yapakona.

Tsiku lina, Elsa atawoloka kupita kwawo, Florinda anaika foni pakauntala ndemanga zili poyera.

"A Dario, izi mwaziwerenga?"

Dario anadziwa kuti zinthu zathina, pakuti Florinda ankamupatsa ulemu wotere akakhumudwa basi. Anayesa kuseka, n'kunena kuti anthu a pafoni amakwatitsa aliyense, ndipo Elsa ndi mwana amene iye ankamubereka kumbuyo ali ku Milange. Florinda anamufunsa chifukwa chake sanalembepo ngakhale mzere umodzi wotsutsa. Dario anakanda m'mutu. Anati atsutsa bwanji osatchula amene ali naye, pamene mwini wakeyo ndiye analetsa kutchulidwa.

Mawuwa anamubaya Florinda chifukwa anali oona.

"Ndimakubisa chifukwa unandiuza kuti ndikubise," anatero Dario motsitsa mawu. "Ine sindichita nawe manyazi, Flo. Tsiku limene udzandilole, dziko lonse lidzamva."

Florinda anangoti nthawi sinakwane. Ali pakabaza wopita kwawo, uthenga unalowa: Palibe wina. Iwe wekha. Anauwerenga mobwerezabwereza, kenako anaufufuta monga ankachitira ndi mauthenga onse a Dario asanafike pakhomo. Za Elsa analibe nazo pogwira. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo kumugenda kunali kuswa malonda a Dario pamodzi ndi ubale wake.

* * *

Kunyumba anapeza bambo ake ali pakhonde akulimbana ndi wailesi yawo yakale, amayi ake, a Esteri, akutong'ola nandolo pambali. A Zakariya anali ndi nkhani. Anati pamsonkhano wa akulu a mpingo panatuluka dandaulo la malo ena a mowa kunjira ya ku Muloza, amene akukopa achinyamata ndi timafilimu ta pafoni, moti mwana wa mkulu mnzawo, woimba kwaya, anapezeka atatumiza nawo dzina la mowa. Akulu anagwirizana kuti Lamulungu likubwerali wina alalikire za zimenezi, ndipo anasankha iwowo.

"Iwe umadziwa za mafonizi," anatero akumuyang'ana mwachikondi. "Ndamva kuti wopanga timafilimuto ndi munthu waluso kwambiri. Luso lotere kulipereka ku mowa, zimandimvetsa chisoni. Ukumudziwa?"

Florinda anabisa foni yake m'chitenje. Anayankha kuti oterowo achuluka masiku ano. Bambo ake anagwedeza mutu n'kubwerera kuwailesi, koma amayi ake anasiya kutong'ola n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

Pambuyo pake, ali awiri kukhitchini, a Esteri analankhula osatembenuka. Anati zovala za Florinda zakhala zikununkha chimera kuyambira dzinja, ndipo iwo, amene anakulira m'nyumba ya mayi wofulula masese, fungo limenelo sangalisokoneze ndi chinanazi. Za mnyamata sanafunse.

"Bambo akowa akamva kwa iwe, adzalira," anatero. "Koma akamva kwa anthu, adzauma ngati mwala. Usankhe wekha."

Florinda analonjeza kuti Loweruka madzulo, mowa watsopano ukangotuluka, adzagwada pamaso pawo n'kuwauza zonse asanakwere paguwa. A Esteri anangosonkhezera moto.

* * *

Loweruka chiperoni chinayalula, phiri linaoneka lonse mpaka pansonga. Dzuwa lisanapendeke, pa Mpopi panalibe pokhala. Panali makalaliki a ku esiteti, osintha ndalama a pa Muloza, azungu angapo otsika kuphiri nkhope zili psuu, ndi magalimoto ochokera ku Blantyre komwe. Akabaza anaunjika njinga zawo patsinde pa mtengo wa mango n'kumauza alendo kuti dzina la malowo anapeka ndi iwo. Florinda ankayendayenda ndi foni, akudziuza kuti lero ndi tsiku lomaliza kubisala. Dzina lopambana linali Chiperoni. Iye mwini analilemba ndi choko pabolodi n'kuliphimba ndi chitenje.

Nthawi yolengeza itakwana, Dario anakwera pabenchi, Elsa n'kukwera pambali pake. Bambo wina wa ku Blantyre anakuwa kuti akwati ayambe apsompsonana, ndipo gulu lonse linavomereza ndi m'manja. Elsa anakoleka mkono wake m'khosi mwa Dario n'kumupatsa tsaya. Florinda anali kutsogolo kwenikweni, foni ili m'mwamba. Sanadziwe kuti akulira mpaka pamene chithunzi cha pafonipo chinachita mbuu.

Dario anamuona. Anachotsa mkono wa Elsa mofatsa ngati akuchotsa chisoso pamalaya, anavundukula bolodi, n'kufufuta dzina lija ndi chikhatho. Analemba lina ndi zilembo zikuluzikulu.

"Amene munatumiza dzina lakuti Chiperoni, tambula yanu ilipo, ndipo mundikhululukire," anatero. "Koma zonse zimene zakubweretsani kuno anajambula ndi mtsikana uyu. Elsa ndi m'bale wanga. Amene ndidzamukwatire ndi uyu. Mowawu dzina lake ndi Florinda."

Gulu linaphulika ndi nthungululu. Anthu anamukankhira kutsogolo, wina anamugwiritsa tambula yodzaza, thovu likusefukira m'zala zake. Kwa kamphindi Florinda anamva chimwemwe chimene anali asanachimvepo, chotentha mpaka kuzidendene. Kenako anakweza maso. Mafoni anali paliponse. Ndipo pafupi kuposa onse panali ya Elsa, mwini wake akumwetulira ndi milomo yokha.

* * *

Florinda anamukokera Dario kuseri kwa mathanki. Anamufunsa kuti ndani wamulola, ndipo Dario anayankha kuti misozi yake ndi imene yamulola, sakanatha kuima pamenepo n'kumaonerera. Apo m'pamene Florinda anamuuza za ulaliki wa mawa lake ndi amene akaulalikire. Nkhope ya Dario inagwa. Anatuluka mothamanga kukapempha anthu kuti asatumize zimene ajambula, ndipo ambiri anamumvera mokhala ngati akuseka.

Koma madzi anali atatayika kale. Pasitatasi ya Elsa panali Florinda, tambula ili m'manja, bolodi ili kumbuyo, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: Mwana wa a Zakariya, mkulu wa mpingo wa pa Limbuli, tsopano ndi mowa. Parabéns, mana. Mawu omalizawo anali a Chipwitikizi, omufunira mafuno abwino.

Florinda anawerenganso mawuwo. Dzina la bambo ake anali asanamuuzepo Elsa. Anamupeza panja akudzola milomo, n'kumupempha ndi ulemu wonse kuti achotse vidiyoyo. Elsa anatsegula maso ngati wodabwa. Anati iye amangoyamikira m'bale wake watsopano, ndipo akadachotsa pompano, koma netiweki ya kuno ikumuvuta, akachotsa akawoloka. Anakwera njinga yamoto n'kumapita.

Dario anamugwira Florinda manja onse awiri. Anati popeza zafika apa, asabisenso kanthu. Mawa lomwelo atuma ankhoswe kwa a Zakariya, kuti aone kuti mwana wawo sakuseweretsedwa. Florinda anafunsa kuti ankhoswe ake ati.

"Amalume, a Joaquim. Palibenso wina, mwini mbumba ndi iwowo."

"Bambo ake a Elsa," anatero Florinda.

Dario anati a Joaquim ndi munthu womva zinthu, ndiwo anamulera bambo ake atamwalira, ndipo sangamukanize. Anati awoloka nthawi yomweyo malire asanatseke, akalankhule nawo maso ndi maso, ndipo mawa masana abwera nawo pa Limbuli. Anasiya kauntala m'manja mwa mnzake, n'kuliza njinga yake yamoto. Florinda anaima pamsewu mpaka fumbi linatha. M'kati, anthu ankaitanitsa mowa watsopano motchula dzina lake.

* * *

Florinda anafika kunyumba mawu onse atawakonza, koma bambo ake sanawapeze. Kunali maliro a mkhristu wina ku Thuchila, ndipo a Zakariya anali atapita kukagona kusiwa. Anasiya uthenga wakuti m'mawa adzangolunjika kutchalitchi. Foni yawo, monga mwa masiku onse akakhala pamaliro, inali yozimitsa.

Florinda anatumiza uthenga kwa Dario kumufunsa ngati wafika bwino. Anatumizanso wina kumufunsa zimene amalume anena. Mauthengawo ankaoneka kuti awerengedwa, koma yankho silinabwere. Kutacha anayang'ana sitatasi ya Elsa n'kupeza kuti vidiyo ija yachotsedwadi. Mtima unatsika pang'ono, mpaka pamene amayi ake anamuonetsa foni yawo. Munthu wina anali ataisunga n'kuiponya pagulu la amayi a mpingo. Zimene zimayenera kuzimirika tsiku likatha zinali zitapeza pokhala.

Kutchalitchi, njira inkamutsegukira yokha. Atsikana anzake a kwaya anasendera pang'ono, malo n'kutsala mbali zonse ziwiri. Anaona bambo ake akulowa, maso ali ofiira ndi tulo ta kusiwa, Baibulo lili m'khwapa, akupereka moni kwa aliyense monga mwa chizolowezi chawo. Anafuna kudzuka kuti awathamangire, koma mkulu wina anamutsogolera. Anawagwira pamkono n'kulowa nawo m'kachipinda ka akulu.

Anakhalitsamo. Pamene ankatuluka, paguwa panakwera munthu wina. A Zakariya anayenda pang'onopang'ono mpaka kubenchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene anali asanakhalepo chibadwire cha Florinda. Nyimbo itayamba, pakamwa pawo sipanatseguke.

* * *

Kunyumba a Zakariya sanakalipe. Anakhala pakhonde, jekete osavula, n'kumuitana. Florinda anagwada patali pang'ono, amayi ake ataima pakhomo.

"Unamwa?"

"Ayi, ababa. Sindinamwepo chibadwire."

"Amene aona chithunzi chija safunsa zimenezo."

A Zakariya anayang'ana kuminda ya tiyi. Kenako analankhula ndi mawu otsika kwambiri moti Florinda anachita kutchera khutu.

"Bambo anga mowa unawalanda dzina. Mumsasa monse ankangowatchula kuti a Kachasu, mpaka tsiku lowaika m'manda. Iwe ndinakupatsa dzina la amayi anga, amene anandiwolotsa mtsinje wa pamalire zipolopolo zikulira. Lero dzina limenelo anthu akuliitanitsa ndi tambula."

Florinda analira. Anapepesa chifukwa chowabisira, koma za Dario sanapepese. Anawauza mmene anakumanirana, anawauza kuti Dario si chidakwa, ndi munthu wa ntchito ya manja ake amene amabweza munthu pakhomo akaona kuti wakwana. Anati dzina lija analilemba chifukwa cha chikondi, mosaganiza bwino, ndipo bolodi ingafufutidwe lero lomwe. Pomaliza anati amamukonda, ndipo ankhoswe ake ali m'njira.

A Zakariya anati pakhomo pawo mlendo sabwezedwa. Akabwera adzawamvera monga mwa mwambo, ndipo nkhani adzaitumiza kwa amalume ake a Florinda. Koma asayembekeze kuti mtima wawo uli pamenepo.

Zinali zochepa, koma kwa Florinda zinali ngati kampata ka chitseko. Anasesa pabwalo ngakhale linali Lamulungu, anatsuka matambula a alendo, ndipo nthawi ndi nthawi ankasuzumira pafoni. Analembanso: Ababa avomera kuwamvera. Muli pati? Uthengawo unawerengedwa nthawi yomweyo. Yankho silinabwere.

* * *

Dzuwa litapendeka, galimoto ya nambala za ku Mozambiki inaima kumpanda. Florinda anasuzumira pawindo mtima uli m'mwamba. Munatsika bambo wamkulu thupi, wa imvi za m'mbali, atavala malaya oyera osita bwino. Kenako munatsika Elsa, lero atavala chitenje mpaka kuakakolo ndi mpango kumutu. Florinda anadikira kuti chitseko chakumbuyo chitseguke. Sichinatseguke.

A Esteri anatulutsa mipando, Elsa n'kukhala pamphasa mwaulemu ngati mwana woleredwa bwino. Florinda anabweretsa madzi akumwa, n'kukhala pafupi ndi khomo pamene akanamva zonse.

Mlendoyo anadzitchula kuti ndi Joaquim, malume wake wa Dario. Anayamba ndi kupepesa. Anati wamva za manyazi amene mphwake wagwetsera banja lolemekezeka, ndipo sakanagona osabwera kudzagwira mwendo. Achinyamata a masiku ano, anatero, akaona gulu la anthu ndi mafoni, mutu umawazungulira n'kulankhula zimene sangazikwanitse. A Zakariya ankangogwedeza mutu, akudikira mawu amene amabwera pambuyo pa mawu otere. Nayenso Florinda ankadikira, zala zitapindana.

"Ndiye sindinabwere kudzapempha mbeta, bambo," anatero a Joaquim. "Ndabwera kudzakuchenjezani, mwana wanu angavulale. Dario ali ndi mkazi womudikira, ndi uyu. Akuluakulu tinakhala pansi asanapite ku Joni, mwini wake ali pomwepo, ndipo sanakane. Chinkhoswe tikumanga mvula isanagwe."

A Esteri anagwira pakamwa. Florinda anaiwala kuti mwana salowerera akulu akamalankhula.

"Mwini wakeyo ali kuti?"

Bambo ake anamuyang'ana, koma sanamuletse. A Joaquim anayankha moyang'ana a Zakariya, ngati funsolo lachokera kwa iwo. Anati Dario ali ku Milange ndi amayi ake, wachita manyazi, ndipo kuno sabwera. Za malo ake a mowa banja liona chochita.

Florinda sanakhulupirire. Munthu amene dzulo lomweli anafufuta bolodi pamaso pa gulu lonse lija sakanabisala kumbuyo kwa amalume ake. Komabe mawu aja akuti sanakane anamukhala pamtima ngati munga, pakuti za akuluakulu kukhala pansi Dario anali asanamuuzepo. Anatulutsa foni m'chitenje n'kuimba nambala yake pamaso pa onse.

Inalowa. Ndipo pomwepo, pamphasa, m'kachikwama ka Elsa, foni inayamba kulira.

Elsa anaitulutsa mosafulumira. Inali ya Dario, yosweka pakona, Florinda akanaizindikira ngakhale mumdima. Elsa anayang'ana dzina limene linkawala pamenepo, n'kuidula ndi chala chimodzi.

"Wandisungitsa, mana," anatero mofatsa. "Akuti mafoni amulakwitsa zambiri."

Florinda anatembenukira kwa bambo ake kuti mwina anenapo kanthu. A Zakariya sanamuyang'ane. Anangotambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, kudikira kuti nayenso apereke foni yake.